Nkhope ya Pakhoma ndi Shiti ya Mizere

Mvurwi, 25 Juni 2024

Wokondedwa mlongo wanga Yvonne,

Landira moni wa kuno kwanu. Ndikhulupirira uli bwino ku Leeds kumeneko, dziko limene dzuwa limaoneka ngati malipiro a mphunzitsi, mochedwa komanso pang'ono. Ife tadzuka, kupatula msana wa amalume a Yeremiya umene ukulimbana ndi chisanu.

Unalamula kuti nkhani za kanyumba kako ka alendo ndizichita kulemba chifukwa pafoni timathera kukangana. Ndamvera, bwana. Ndakhala pa kompyuta ya kusukulu, ana ndawapatsa masamu oti awazunze mpaka belu. Iwenso khala pansi.

Mlendo wa sabata yathayi anali a Fredson Mbewe, mlangizi wa fodya wa ku Mchinji, ku Malawi. Kampani yawo inawatumiza kudzaona nazale za alimi a kuno, ndipo inalipira malo ogona ndi kampaniyo. Munthu wa imvi za m'mbali, woyankhula motsitsa. Nditawapatsa makiyi pageti Lachinayi madzulo analandira ndi manja awiri. Chichewa chawo n'chosasakaniza, moti changa chothira Chishonachi ndinachibisa m'thumba.

Loweruka msuweni wathu Filesi atapita kukasesa, anapeza bedi lili monga analiyalira. Pilo wosabonyoka, sopo wosatsegula. Munthu wamkulu anagona m'galimoto masiku onse awiri, m'chisanu cha Juni. Zosowa zilipo ziwiri. Choyamba, shiti imodzi ya mu wadirobu, ya mizere yabuluu, mwa zija unabwera nazo pa Pasaka n'kumatikumbutsa mtengo wake pa chakudya chilichonse. Chachiwiri, nkhope ija.

Inde, chosema chako cha pabalaza, mdala wofiira wa ndevu za khonje amene ine ndimamutcha Alonda. Patsala msomali.

Ndinaona kamera ya pageti. Lachisanu kutangocha, a Mbewe akutuluka m'nyumba atanyamula mtolo wokulunga m'shiti. Sanalowe nawo m'galimoto. Anatuluka pageti wapansi, opanda nsapato, mtolowo ataukumbatira pachifuwa ngati mwana wodwala, n'kukhotera njira ya kukomboni. Anabwerako dzuwa litakwera, chimanjamanja.

Ine ndaweruzapo milandu ya akuba choko ndi akuba mapeyala a ahedi. Wakuba amavula nsapato kuti asamveke. Uyu anavula kunja kutayera, kamera ikumuyang'ana. Sindikudziwa pomuika.

Tumiza ya gasi ndi ya Filesi, mwezi watha.

Ndine mlongo wako,
Kingston

Leeds, 27 Juni 2024

Achimwene,

Moni, ndipo amalume muwapepese ndi msanawo. Kalata yanu ndawerengera m'basi pochokera kuntchito, ndipo nthabwala zanu zandigwera ngati tsabola pabala.

Mukudziwa mmene ndavutikira ndi kanyumbako. Agogo a Kampira anathera moyo wawo m'mabalani a purazi limenelo, esiteti imene muli kanyumbako, akuwotcha fodya, mpaka mwendo unapsera momwemo, koma pakhonde la manijala sanapondepo. Ine mdzukulu wawo ndachita lendi nyumba ya manijala yomweyo kwa mwini purazi watsopano. Ndaikonza ndi ndalama zosambitsira nkhalamba za eni, kuti wofuna kugonamo azipempha kwa ife.

Ndipo chimene chimakoka alendo pa intaneti si bedi ayi. Ndi nkhope ija. Amisiri a ku Harare aja, amene ndinawatuma kukonzanso balani yakale, ataipeza kudenga lake, ili m'thumba la fetereza, ndinaipukuta ndekha, kuipachika ndekha, kuijambula ndekha. Kuno zotere zimakhala m'galasi, mlonda ali pambali. Munthuyo akudziwa mtengo wake. Zovula nsapatozo ndi sewero chabe.

Ndawalembera a Mbewe mwaulemu kuti abweze. Inu funsani Filesi. Alendo akhala akudandaula za kangaude pakhoma limenelo lokha, ndiye mwina kamodzi kokha anakwezako maso. Funsaninso amalume, poti munthuyo analowera kwawo. Mtolo sungadutse m'komboni osaonedwa, kumene ngakhale nkhuku ikasintha tambala anthu amadziwa.

Ya gasi ndi ya Filesi ndatumiza. Musaidye.

Ndine,
Yvonne

Mvurwi, 3 Julayi 2024

Mlongo wanga,

Moni. Ndalama zafika ndipo sindinadye, ndangonunkhiza. Wapolisi wako wagwira ntchito, imva lipoti.

Ndinayamba ndi Filesi. Ndinamufunsa ngati nkhope ija inalipo tsiku limene mlendo anafika. Anayang'ana tsache. Anati iye khoma limenelo sanaliyang'anepo, ndipo munthu sangasowe chimene sanachione. Ndinamukumbutsa kuti wakhala akusesa pansi pake chichokere iwe pa Pasaka.

"Achimwene, ine ndine mkazi," anatero. "Mukufuna ndinene kuti ndinaona chiyani?"

Atatero anafunsa ngati sopo wosatsegula uja angamutenge.

Amalume ndinawapeza akuwothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe, akumata chubu cha njinga. Ukudziwa kuti chikonzere nyumba yako sanalowemo. Amafika pakhomo lakuseri, kuvula chipewa, n'kuima pamene ankaima ali mnyamata wotumidwa kwa manijala. Ndawauza kangapo kuti mzungu anapita kalekale, tsopano muli mphwawo, koma miyendo yawo siimva. Choncho chimene chinali pabalaza sanachionepo.

Anavomera kuti mlendo anafika. Anati ndi mwana wa anthu, woleredwa. Nditafunsa za mtolo anapitiriza kupaka guluu. Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse chithunzi chako cha pa intaneti chija. Sanachiyang'ane kawiri. Anatenga foni yanga n'kuivundikira pansi pang'onopang'ono, ngati mmene umavundikirira mbale ya munthu amene sanafike.

"Sindinaone munthu atanyamula kanthu," anatero. "Ndinaona alendo awiri akubwera. Mmodzi anabwerera."

Yvonne, tsitsi linandiimirira, ine wa dazi.

Chinanso n'chakuti komboni yasintha. Madala amene sanapatsane moni chiyambire mlandu wa mbuzi uja akukhalira benchi imodzi. Amayi akuviika chimera, chonsecho chiliza cha agogo chili kutali, mu Ogasiti. Wina watumiza uthenga ku Shamva, wina ku Ruwa. Aliyense akundimwetulira ngati ndapambana mpikisano umene sindinalowe. Mwina komboni yonse yagawana ndalama za katundu wako, koma anthu ogawana zakuba sakhala okondana chotere.

Tisanamizane, tonse tinkadziwa kuti nkhope ija ndi ya ku gule. Kungoti mayi anatilerera m'tauni, kutchalitchi, ndipo zilombo tinkaziona titatembenuka tikuthawa. Ine sindinamete, kudambwe sindikudziwa. Ku koleji ndinalemba mayeso a chikhalidwe cha makolo n'kukhoza bwino kwambiri, koma malikisi amenewo kukomboni sagula ndi tomato yemwe.

Langizo langa ndi lakuti udikire. Ndikudziwa kuti malangizo anga umawasunga bwino osawagwiritsa ntchito.

Kingston

Leeds, 10 Julayi 2024

Achimwene,

Moni nonse. Ndiye ndinakutumani kukafufuza, inu mwabwerako ndi ndagi.

A Mbewe ayankha. Ndikukopereni mawu awo onse, poti ndi ochepa:

"Mayi, zikomo pondisunga. Sindinabe kanthu m'nyumba mwanu. Pakhoma panu panalibe chinthu choti munthu angabe. Shiti ndinatengadi ndipo ndilipira. Zambiri sindingalembe, funsani akuluakulu anu."

Panalibe chinthu? Nanga ine ndinkapukuta mphepo? Munthu akuoneka pa kamera, ndiye akundiuza kuti maso anga ndi amene akudwala. Akanangoti pepani ndinachikonda, mwina tikanamvana. Koma kundiyankha ngati mwana, ayi. Kuno ndimayankhidwa choncho tsiku ndi tsiku ndi anthu amene ndimawasintha matewera. M'nyumba mwanga sindilola.

Ndalembera kampani yawo, ndi kanema yemwe. Analipira ndi iwo, adziwe munthu amene amatumiza m'nyumba za anthu.

Ya simenti ya chiliza ndatumiza. Ndapemphanso tchuthi kuti ndidzakhalepo. Amalume muwauze kuti wolemba dzina pamwala asakhale uja analemba chikwangwani cha chigayo.

Yvonne

Pakomboni, 21 Julayi 2024

Kwa mphwanga Nabanda,

Ndati ndikulonjere mwana wa mlongo wanga. Ine ndilipo, msana ndiwo ukukana. Nkhuku zako zaswa, koma mphamba watenga ziwiri. Simenti yafika, zikomo. Kalata iyi ndalemba ndi dzanja langa, Kingston aijambula ndi foni yake. Ndamuuza asakonze kalikonse.

Ndamva kuti wamusumira mlendo kwa mabwana ake. Mtima wanga wagwa.

Pali zimene ndingakuuze ndi zimene sindingathe. Si kukupeputsa. Ngakhale mayi ako sindinawauze, ndipo tinayamwa bere limodzi.

Atate anali ndi mnzawo. Anayamba kuyendera limodzi iwe usanabadwe, ine ndili kamnyamata. Chaka chimene mapurazi anasokonekera, komboni inamwazika, ena ku migodi ya ku Shamva, ena ku Ruwa, nyumba zina zinapsa. Atate anamusunga mnzawoyo pamalo podziwa okha, kudikira kuti dziko lizizire. Lisanazizire, matenda aja anawamanga lilime ndi mbali imodzi. Ankakhala pakhonde n'kumaloza kumabalani ndi dzanja lotsalalo. Ife tinkati madala akufuna kubwerera kuntchito, tinkaseka. Anamwalira akuloza.

Pamaliro awo mnzawoyo sanabwere. Anthu anaona koma sananene. Ine mwana wawo ndakhala ndi manyazi amenewo mpaka imvi. Tinafuna kumanda, kumtsinje, kuphiri. Sitinaganize zoyang'ana kumwamba.

Mlendo wako analowa m'nyumba n'kupeza munthu wamkulu ali pamsomali, pamene alendo amadyera ndi kusekera. Anachita chimene mwana woleredwa amachita. Anamufunditsa, n'kumuperekeza kwa abale ake. Sanadziwe kuti ndi wa ndani. Anangofika pakomboni n'kufunsa kuti akuluakulu a kuno ndi ati.

Iwe sunalakwe, sunadziwe. Ndipo ukanapanda kukonza balani ija, tikanafa osamuona. Koma munthuyo mumasule, Nabanda. Mlendo wa mwendo wabwino ngati uyu sabwezedwa ndi mlandu.

Bwera pa chiliza. Mpando wako ndikusungira.

Ndine malume ako,
Yeremiya Kampira

Leeds, 29 Julayi 2024

Achimwene,

Moni. Kalata ya amalume ndaiwerenga kangapo. Muwauze kuti ndamva, ndipo sindine chitsiru, ndazindikira chimene akunena. Chosemacho chinali cha agogo ndipo chili m'manja mwa amuna a kudambwe.

Koma tamverani mbali yanga. Ngati chinali cha agogo, ine ndine ndani? Si mdzukulu wawo? Filesi anadziwa, sananene. Mlendo anadziwa, sananene. Komboni yonse ikuviika chimera, ine ndekha ndikulira ndi khoma. Wosunga nyumba, wogula simenti ndine, koma pa nkhani yeniyeni ndine woima pakhomo lakuseri, chipewa m'manja.

Kampani yayankha. A Mbewe awaimitsa ntchito, ndipo mlandu wawo udzakambidwa pa 15 Ogasiti. Sindinkafuna kuti zifike pamenepo, ndinkayesa angowakalipira. Akuti kuti mlandu uthe ndilembe chimodzi mwa ziwiri: kuti katundu wabwezedwa, kapena kuti palibe chinabedwa.

Ndiye ndikupempha chinthu chaching'ono. Sindikuti chibwerere pakhoma. Amalume angochijambula, kapena angolemba mzere umodzi woti chosema cha mtengo chili ndi ine, ndipo ndilemba kuti chabwezedwa kubanja. Koma zoti panalibe chinthu sindingalembe. Ndinachigwira ndi manja angawa. Ndi mtengo, achimwene, ndipo kuseri kwake kunali chiswe. Mayi sanatilere kuti tizisainira bodza.

Tchuthi andikaniza, akuti antchito ndi ochepa. Mudzandijambulire zonse.

Yvonne

Mvurwi, 2 Ogasiti 2024

Yvonne,

Moni. Pempho lako ndinapita nalo. Amalume anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti avule pamsika. Anati munthu sangalembe kuti mnzawo wa atate ake ndi mtengo. Ndinawauza kuti ntchito ya a Mbewe yalendewera pa mzere umodzi umenewo. Anati a Mbewe akudziwa, ndipo iwonso sangafune kupulumutsidwa ndi mzere wotere.

Ndiye ndili pakati pa miyala iwiri ya mphero, iwe ndi amalume, ndipo nonse ndinu a mtundu umodzi. Ufa wake ndine.

Kingston

Mvurwi, 12 Ogasiti 2024

Mlongo wanga Yvonne,

Moni. Lero nthabwala ndili nazo zochepa, zambiri zinatsala pabwalo Loweruka.

Chiliza chaima bwino, dzina la agogo analemba molondola. M'mawa abusa anapemphera pamanda, amayi a Mvano anaimba. Kunabwera a ku Shamva, a ku Ruwa, ndi ena amene ndinkayesa tinawaika kale. Titadya, abusa anatsanzika msanga kuti asaone zimene akanayenera kudzudzula paguwa. Galimoto yawo inangofika pamabalani n'kuima, galasi lili lotsitsa.

A Mbewe anabwera. Anatsika kombi, minibasi ya kuno, poti galimoto ya kampani anawalanda. Amalume anawalandira ngati mvula yoyamba. Tonse titasonkhana pabwalo la kuseri kwa mabulugamu, iwo anavula jekete n'kukhalira mbalule, ng'oma ija imene imayankhulana ndi mapazi a chilombo. Munthu amene wamusumira uja ali ndi manja, mlongo wanga.

Poyamba zinatuluka zing'onozing'ono, za nthenga ndi matope, zothamangitsa ana. Ine ndinaima kumbuyo, foni m'manja, kuti ndikujambulire umboni wako. Kenako ng'oma zinatsika, zinangotsala kugunda pansipansi ngati mtima wa munthu wogona. Amayi achikulire anayambitsa nyimbo. Sindinaimvepo chibadwire, koma mawu ake ndinkawadziwa:

Kwathu n'kutali, amayi,
ndidzapita fodya akauma.

M'mabulugamu munatuluka nkhope ija.

Ndikuti nkhope ija chifukwa ndilibe mawu ena, koma si imene inali pakhoma pako. Ya pakhoma ndinkaipatsa moni wachipongwe ndikamabweretsa gasi. Iyi inkapuma. Makwinya aja ankasintha chikatembenuka, pena kuseka, pena kulira. Diso lija loyang'ana kumbali, limene tinkati wosema dzanja linamuterereka, linali kuyang'ana njira. Kudzanja chinanyamula sutikesi ya malata. M'chiuno munali nsanza zong'ambidwa mosamala, za mizere yabuluu. Ndipo mwendo wamanzere chinkaukoka.

Unali mwendo wa agogo, Yvonne. Ine ndimaphunzitsa ana masewero, kutsanzira ndimakudziwa. Uku sikunali kutsanzira. Kukoka kuja, kaimidwe kaja kopendekera, phewa limodzi m'mwamba, ndinamva fungo la fodya wa m'malaya awo.

Chinayenda kulunjika kumene agogo ankaloza akamati kwathu. Chitafika kumalire a bwalo chinaima, dzanja pamphumi, kuyang'ana kutali. Mbalule inachiitana. Chinatula sutikesi, chinabwerera, chinavina mpaka fumbi linaphimba dzuwa, mwendo wopsa uja ukuchita zimene miyendo yanga yabwinobwinoyi singayerekeze. Kenako chinatolanso sutikesi, ulendo. Kuima. Kuyang'ana. Kubwerera. Poyamba anthu ankaseka, monga timasekera mtchona amene amatsanzika chaka chilichonse. Pang'onopang'ono kuseka kunatha. Ndinaona madala a ku migodi, anthu a manja ngati makasu, misozi ili chuchuchu. Anthu obadwira kuno, a zitupa za kuno, oti Dedza, kwawo kwa makolo awo, amangomumva. Filesi anali kutsogolo kwa oimba. Iye uja sankayang'ana khoma, tsopano maso ali gwa pankhope ija, osaphethira.

Amalume anali ataika mpando wako kutsogolo, atayalapo chitenje chimene unasiya pa Pasaka. Chilombo chinafika pampando wopanda munthuwo n'kuima. Chinaima nthawi yaitali, mutu chitapendeketsa, ngati mmene agogo ankakuyang'anira ukamawerenga mokweza buku la Chingerezi limene sankalimva. Kenako chinatsitsa sutikesi n'kuiika pachitenjepo, pamene pakanakhala miyendo yako. Ng'oma zinaleka. Kunangomveka mabulugamu.

Ndinazindikira nditagwada m'fumbi, ine wa digiri, ndikufupa ndi ndalama yanga ya kombi. Ndinabwerera kutauni pa njinga ya amalume.

Umboni wako ndilibe. Foni inajambula nsapato zanga ndi fumbi basi, dzanja linatsika lokha. Mawu okha ndiwo akumveka. Ndakutumizira choncho.

Zitatha ndinakawapepesa a Mbewe. Anati tsiku lija atatsegula chitseko n'kuyatsa getsi, anangozimitsa n'kubwerera m'galimoto.

"Ndikanagona bwanji pabedi," anatero, "akuluakulu ali chiimire?"

Ndinawafunsa chimene chikuwaletsa kungowafotokozera mabwana awo zonse. Anati ntchito anaipeza ali ndi ndevu, koma izi anazipeza ali mwana. Ali ndi ana kusukulu, wamkulu akulemba mayeso chaka chino. Sanandipemphe kanthu. Anangondipatsa envulopu ya ndalama ya shiti, akuti ndikufikitsire.

Pa 15 ndi Lachinayi lino. Sindikukulangiza, ndinaleka.

Ndine mlongo wako,
Kingston

Leeds, 14 Ogasiti 2024

Achimwene,

Moni nonse, amalume, Filesi, ndi onse amene sanabwerere kwawo.

Nsapato zanu ndaziona, zikufunika polishi. Mawu aja ndinawamvera m'basi. Ndinapitirira potsikira panga mpaka dalaivala anandiuza kuti basi yafika pothera.

Inu simudziwa ichi. Ndili wamng'ono, tikabwera kukomboni patchuthi, agogo ankandikweza pa kaliyala popita kuchigayo. Ankapalasa ndi mwendo umodzi, winawo ukungotsatira. Ulendo uliwonse ankandiuza kuti Nabanda, fodya akauma ine ndi iwe tikwera basi ya ku Dedza, ukaone phiri limene linandibala. Ndinkalongedza zovala zanga m'pepala la shuga n'kumadikira. Fodya ankauma, ankagulitsidwa, nazale zinkayambanso. Ndinkayesa mawu amenewo anali anga ndekha. Sindinkadziwa kuti ndi nyimbo, komanso kuti komboni yonse inkadikira basi yomweyo.

Inenso chifikire kuno ndimakuuzani kuti ndibwerera ngongole ya nyumba ikatha.

Ndinawapukuta ndi mafuta a mipando, achimwene. Ndinawajambula n'kulemba mtengo wa usiku umodzi pansi pawo.

Kampani ndailembera dzulo. Ndinati: "Ndinalakwitsa. A Fredson Mbewe sanabe kanthu m'nyumba mwanga. Pakhoma panga panalibe chinthu choti munthu angabe." Ndinawerenga mobwereza ndisanatumize, kufunafuna bodza, sindinalipezemo. Ayankha m'mawa uno kuti mlandu watsekedwa, a Mbewe ayambiranso ntchito Lolemba. Iwonso ndawalembera pandekha, koma zimenezo si zanu.

Chithunzi chija ndachichotsa pa intaneti. Alendo akachepa, achepe. Msomali musazule. Akadzabweranso a Mbewe kudzaona fodya ali m'munda, adzakolekepo jekete, ndipo ulendo uno adzagone pabedi, osalipira. Envulopu yawo muwabwezere.

Sutikesi ija amalume andisungire. Musaitsegule, ndikudziwani.

Chomaliza. Shiti za mizere zija zinali ziwiri, inzake ili mu wadirobu, pansi pa mabulangete. Imene inapita ija sichedwa kutha ndi mavinidwe amene mwafotokozawo. Mutenge yotsalayo mukapereke kwa amalume, musanene kuti ndi ya chiyani, ndipo iwo sadzafunsa.

Popita nayo muvule nsapato.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda